Kumanga swimming pool pakhomo kuno ku Mangochi: mmene mungayendetsere ntchito kuyambira pokumba mpaka kuthira madzi

Anthu akamva kuti tinamanga pool kuseri kwa nyumba funso limakhala lomwelo, nyanja ili pompa nde dziwe ndi lachani? Ine yankho langa ndi ana. Nyanja yathuyi ndi yokoma inde koma ili ndi likodzo, mbali za mabango ndi kumene Shire akutulukira kuli ng'ona ndi mvuu, ndipo mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo mwana simungamuuze kuti akhale m'nyumba, amafuna madzi basi. Ndinkafuna azisambira pomwe ndikuwaona. Ine si mmisiri, ndinali mwini ntchito chabe, koma miyezi inayi yomwe ndinaima pa dzenje lija inandiphunzitsa chinthu chimodzi: pa pool zonse zofunika zimakwiririka. Zitsulo, mapaipi, madzi apansi panthaka, zonsezi mukangothira konkire simudzazionanso, nde ntchito yanu ngati mwini ndi kuziona ndi maso anu zisanabisike.

Choyamba, musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, kumbani dzenje loyesera

Pezani aganyu awiri akumbe dzenje pamalo pomwe mukufuna pool, lakuya mamita awiri, mulitchinge bwino ana asagweremo, mulisiye usiku wonse. Nthawi yabwino yochita izi ndi mu Marichi kapena Epulo mvula ikungotha kumene, chifukwa ndi pomwe madzi apansi amakhala pamwamba kwambiri. Lathu tinakumba Lachitatu, mmawa mwake ndikupita kukasuzumira ndinapeza madzi ofika m'mawondo ndi chule ali phee pakona. Pamwamba pali gwaa pouma, koma pansi pali madzi. Kwa amene muli mbali ya Namiasi, Makawa, Nkopola mpaka ku Monkey Bay, kapena ku boma kufupi ndi Shire, izi musazitenge mwachibwana. Mukukumbukira 2024 nyanja itakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ambiri m'mphepete umu, madzi apansi nawo amakwera limodzi ndi nyanjayo.

Chifukwa chake n'chakuti pool yopanda madzi ili ngati bwato. Madzi apansi akakwera amaikankha kuchokera pansi, imatha kutukuka mbali imodzi, kusweka, mapaipi onse kuthyoka. Nde mukapeza madzi m'dzenje sikuti ntchito yalephereka ayi, koma pulani isinthe: pansi pakhale miyala ya kwale yoyala bwino, pakhale kachitsime kapambali kopoperapo madzi, ndipo pa dreni ya pansi aike hydrostatic valve, kavalavu kamene kamatseguka kokha madzi apansi akachuluka mphamvu n'kuwalola kulowa mu pool mmalo moitukula. Ena amangoikweza pool theka lituluke pamwamba pa nthaka, nazonso zimathandiza.

Dzenje lomwelo likuuzaninso za dothi. Mchenga umakumbika msanga koma umagumuka. Dothi lakuda la makande limatupa nthawi ya mvula n'kung'ambika chilimwe, limenelo ndiye lofunika injiniya kwambiri. Kumtunda ngati ku Namwera kapena cha ku mapiri a Nkhudzi mutha kukumana ndi thanthwe, mtengo wokumbira umasinthiratu. Malonso asankheni kutali ndi septic tank, kutali ndi maziko a nyumba, komanso kutali ndi mitengo ikuluikulu. Mango ndi okoma mthunzi koma masamba, maluwa ndi mizu yake zidzakutopetsani.

Chachiwiri, kukula kwake, ndipo muwerengere madzi osati simenti yokha

Apa ambiri timafuna chachikulu ngati cha ku hotela. Tiyeni tiwerenge. Pool ya mamita 8 mulitali, 4 mulifupi, kuya kwa pakatikati mita 1.5 imalowa malita 48,000, ndiye kuti madiramu 240 a malita 200 aja. Ya 6 kwa 3 kuya mita 1.3 imalowa malita 23,400, osafika ndi theka lomwe. Madzi amenewa atuluka kuti? Ngati ndi a Southern Region Water Board, funsani kaye mtengo komanso ngati mphamvu ya pampopi panu ingakwanitse. Ngati ndi a mjigo kapena chitsime, kayezetseni chifukwa madera ena kuno madzi apansi ndi amchere, ena ali ndi dzimbiri loti likakumana ndi chlorine madzi amasanduka ofiirira. Ndipo kutentha kwa kuno kumamwa madzi tsiku lililonse, mamilimita 5 okha akauma pa pool ya 8 kwa 4 ndi malita 160 apita. Ife tinasankha 7 kwa 3.5 ndipo sitinadandaulepo. Kuya musapitirire mita 1.6 ngati ndi ya banja, mbali imodzi ikhale yosaya ndi masitepe otambalala oti agogo akhalepo n'kuviika miyendo.

Pa ndalama sinditchula mtengo chifukwa kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kotesheni sikhala mwezi isanasinthe. Chomwe ndinganene, gulani zitsulo, pampu, fyuluta ndi mapaipi koyambirira, zambiri mwa izi muzipeza ku Blantyre kapena ku Lilongwe, koma simenti musaunjike miyezi yambiri, imauma m'thumba. Muike padera ndalama ina yosachepera gawo limodzi mwa magawo asanu a bajeti, idzafunika ndithu.

Chachitatu, mapepala ndi mmisiri

Pitani ku khonsolo ndi pulani yanu, a Mangochi Municipal Council ngati muli m'tauni, a District Council ngati muli kunja, mufunse zomwe akufuna. Ngati mukuganiza zokumba mjigo kapena kupopa madzi m'nyanja, chilolezo chake amapereka a National Water Resources Authority. Ndipo lipirani injiniya akujambulireni zitsulo ndi kunenepa kwa konkire, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi pool yong'ambika.

Mmisiri ndiye nkhani. Womanga nyumba wabwino sikuti ndi womanga pool, chifukwa khoma la nyumba silisunga madzi. Ngati ndi kontirakita muone satifiketi yake ya kubungwe la zomangamanga lija tinazolowera kuti NCIC, koma zoposa pepala, akuonetseni pool yomwe anamanga zaka zitatu zapitazo, osati ya mwezi watha. Mupite nokha, mulankhule ndi mlonda kapena wosamalira pamalopo osati bwana, mumufunse kuti achimwene, madzi mumawonjezera kangati pa sabata? Yankho limenelo likuuzani zonse.

Mgwirizano ulembedwe, ngakhale patsamba limodzi, nonse musaine pakhale ndi mboni. Malipiro agawidwe potsata ntchito yomwe yatha: akamaliza kukumba, akamaliza zitsulo ndi mapaipi inu mutaona, akathira konkire, akapulasitala, akalumikiza pampu. Musunge 10 peresenti mpaka pool itakhala ndi madzi mwezi wathunthu osadontha. Adzakupemphani adivansi, abwana kunyumba kwavuta, ndipo pena zimakhala zoona, muthandize pang'ono ngati munthu koma ndalama isatsogole ntchito. Katundu gulani nokha, mukhale ndi kope lolemba matumba olowa ndi otuluka tsiku lililonse, kiyi wa sitolo asunge munthu mmodzi.

Chachinayi, kukumba

Yambani mu Meyi kapena Juni kuti konkire ithiridwe nyengo ya mwera kusanatenthe, ndipo zonse zithe mvula isanafike mu Novembala kapena Disembala. Khomani zikhomo ndi chingwe, muyeze makona mopingasa kuti mbali zonse zifanane, ndipo musankhe malo amodzi okhazikika, tinene pa khonde, oti levulo yonse izichokera pamenepo. Pakamwa pa pool pakhale pokwererapo pang'ono kuposa bwalo kuti madzi amvula asamathamangiremo ndi matope.

Dzenje likhale lalikulu kuposa pool, theka la mita kapena kuposa mbali zonse kuti amisiri apeze poima. Dothi lotuluka ndi lambiri zedi, mudziwiretu kokalitaya, ndipo lisaunjikidwe m'mphepete mwa dzenje makamaka ngati ndi mchenga chifukwa kulemera kwake kumagumula khoma anthu ali m'kati. Makoma a dzenje la mchenga akhale otsetsereka kapena otchingidwa ndi matabwa. Izi ndi za moyo wa munthu, musagonje ngakhale anyamata anene kuti tinazolowera. Akakumba mopitirira asabwezeremo dothi lofewa, adzaze ndi kwale kapena konkire yopepuka.

Chachisanu, zitsulo ndi mapaipi, apa ndiye mutenge tchuthi ku ntchito

Pansi amayamba kuyala kwale, kenako kakonkire kopyapyala koyeretsa malo, kenako zitsulo. Kwa ife injiniya analemba Y12, zitsulo zonenepa mamilimita 12, zotalikirana masentimita 20 mbali zonse, pansi ndi makoma kunenepa masentimita 20, inu mutsate za injiniya wanu. Tengani tepi muyeze nokha. Zitsulo za pansi zipindike n'kukwera m'khoma, zisadukire pakona. Polumikiza zitsulo ziwiri zipitirirane mokwanira, pa Y12 ndi masentimita 60, osati kungogundanitsa nsonga. Ndipo chinthu chomwe amisiri ambiri amachinyozera: zitsulo zisagone pansi. Pakhale timabuloko ta simenti tozikweza masentimita 5 kuti konkire izikute mbali zonse, apo ayi zichita dzimbiri, dzimbiri litupa, konkire ing'ambika. Asagwiritse zidutswa za njerwa kapena matabwa.

Ena kuno amamanga makoma awiri a mabuloko n'kuthira konkire ya zitsulo pakati, ena amakhoma matabwa a shatala n'kuthira khoma lonse. Njira zonse zimagwira bola pakati pakhale konkire yeniyeni ya zitsulo. Khoma la njerwa zootcha lokha lopaka pulasitala, limenelo kanani.

Mapaipi ndi pomwe ine ndinapsa. Tsiku lomwe pulambala ankalumikiza ndinali ku Liwonde, ndinabwera atakwirira kale mbali imodzi n'kundiuza kuti zonse zili bwino abwana. Patatha miyezi iwiri madzi anayamba kutsika zala ziwiri tsiku lililonse, tinafufuza mpaka tinaswa simenti ya m'mbali yomwe tinali titangomaliza, n'kupeza kuti pakona ina anaika paipi yopyapyala ya madzi akubafa ija, guluu wake wongopaka mbali imodzi. Ndinakhala pansi pomwepo mutu uli m'manja, osati chifukwa cha ndalama yokha koma poganiza kuti ola limodzi lokha loyang'ana likanapulumutsa zonsezi. Nde inu, mapaipi akhale a PVC a presha a mamilimita 50, muwerenge zomwe zalembedwa pa paipipo. Akamaliza atseke kumapeto konse, adzaze madzi ndi presha, geji ikhale pamalo amodzi tsiku lathunthu. Singano ikatsika, penapake pakudontha, asakwirire. Mujambule zithunzi pafoni paipi iliyonse mutaika tepi pambali, zidzakuthandizani zaka zikubwerazi.

Zofunika kukhalapo konkire isanathiridwe: weir, kabokosi kapakamwa kokoka madzi apamwamba ndi zinyalala, dreni ya pansi, timabowo tobwezera madzi, ndi malo a nyali. Weir iikidwe mbali yomwe mphepo imakankhira masamba, kuno mwera umachokera kummwera nde taimani pamalopo masana muone komwe zinyalala zikuthamangira, timabowo tobwezera madzi tikhale mbali inayo. Pa dreni ya pansi ndi bwino zikhale ziwiri zotalikirana zokhala ndi zivundikiro zolimba, chifukwa imodzi yokha imakoka mwamphamvu moti itha kugwira tsitsi kapena thupi la mwana.

Chachisanu ndi chimodzi, tsiku la konkire

Tsiku limeneli limakonzedwa ngati ukwati. Simenti yonse ikhale pamalo, pa pool ya 8 kwa 4 chigoba chokha chimadya matumba opitirira 100. Mchenga ukhale wa kumtsinje wokhakhala, wosefa, wopanda dothi, wa m'mphepete mwa nyanja wosalala uja si wa konkire. Kwale wotsuka. Madzi odzaza madiramu kuyambira dzulo lake, osadalira mpopi. Mikisa ndi poka yogwedezera konkire zibwere ndi mafuta ake okwanira, mukudziwa mmene mafuta amasowera. Musaike Lachisanu, anyamata ambiri kuno amapita kumzikiti ku mapemphero a Juma masana ndipo konkire sidikira munthu, komanso mwezi wa Ramadan si wabwino kupatsa anthu osala ntchito yolemera chonchi padzuwa. Muyambe mbandakucha, chakudya chiphikidwe pompo, nsima ndi usipa kapena utaka, thobwa lambiri, munthu asachoke.

Muyezo ukhale wa ndowa imodzimodzi, osati mafosholo. Ife tinkathira ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zitatu za kwale, kuphatikiza mankhwala oletsa madzi kudutsa. Muike munthu wanu pa mikisa aziwerenga. Dzuwa likakwera anyamata amayamba kuwonjezera madzi kuti konkire iziyenda mosavuta pa wilibala, apa ndi pomwe muyenera kuuma mtima, konkire ya phalaphala ikauma imakhala ndi timabowo ndipo ndi momwe madzi amadutsira. Pansi ponse pathiridwe kamodzi osalekeza. Ngati makoma athiridwa tsiku lina, polumikizana pansi ndi khoma aikepo waterstop, lamba wa labala wolowa theka pansi theka m'khoma, chifukwa mzere umenewo ndi pomwe ma pool ambiri amadonthera. Poka ilowe paliponse makamaka m'makona ndi mozungulira mapaipi.

Mawa lake ntchito ndi kuthirira. Masiku 7 osadumpha, mmawa masana ndi madzulo, mufunditse masaka onyowa kapena pulasitiki. Konkire imafika mphamvu yake pa masiku 28, nde musalole kuthamangitsidwa. Akachotsa matabwa yendani khoma lonse, pomwe pakuoneka miyala ngati zisa za njuchi agobe n'kukonza bwino, asangomata pamwamba. Ngati n'kotheka dzazani madzi chigoba chisanapakidwe chilichonse muone ngati chikusunga. Pokwirira m'mbali athire mchenga pang'onopang'ono, masentimita 20 n'kusinja, kenako ena, osati kungokhuthula tipa yonse pa mapaipi.

Chachisanu ndi chiwiri, pampu ndi magetsi

Kanyumba ka pampu kakhale pafupi, kopita mphepo, koti madzi amvula asalowe, ndipo kokhoma chifukwa pampu imabedwa. Pa pool ya banja pampu ya 0.75 kW ndi fyuluta ya mchenga zimakwana nthawi zambiri, cholinga n'chakuti madzi onse adutse mu fyuluta m'maola 6 mpaka 8. Magetsi a ESCOM mukuwadziwa, ndipo kutentha kwa kuno pampu ikaima masiku awiri atatu madzi amayamba kubiriwira, nde ganizirani za sola kapena jenereta kuyambira pachiyambi. Wamagetsi akhale wa satifiketi. Nyali za m'madzi zikhale za 12V zodzera pa thiransifoma, pakhale earth leakage ya 30mA, swichi yozimitsa yokha magetsi akayamba kudutsa polakwika, yoti muziiyesa podina batani lake, zitsulo zonse monga makwerero zilumikizidwe ku earth. Soketi kapena ekisitenshoni pafupi ndi madzi ayi.

Fyuluta mukamaitsuka imataya madzi ambiri a chlorine, akumbireni dzenje lakelake, asapite kwa aneba, m'dimba kapena kunyanja.

Chachisanu ndi chitatu, kumalizitsa ndi kudzaza

Pali penti ya pool, yotchipa koma imafuna kubwereza pakapita zaka zochepa. Pali marbelite, pulasitala wosalala wa ma pool, ameneyu amafuna manja ozolowera, apakidwe tsiku limodzi ndipo mukayamba kudzaza madzi musalekeze mpaka pakamwa, mukaima pakati pamatsala mzere wosachoka. Pali matailosi, okwera mtengo koma okhalitsa. Mulimonse muike mzere wa matailosi pomwe madzi amalekezera, ndi pomwe litsiro la mafuta odzola limamatirira. Poyenda m'mbali pakhale pokhakhala, poyera, potsetserekera kunja. Matailosi akuda kuno masana simungapondepo.

Mukadzaza yesani ndi ndowa: muidzaze madzi, muiike pa sitepe, mulembe mzere m'ndowa ndi pakhoma la pool, pampu yozima. Pakatha maola 24 ngati pool yatsika kuposa ndowa ndiye kuti ikudontha, si dzuwa. Apa ndi pomwe 10 peresenti munasunga ija imagwira ntchito.

Mpanda umangidwe madzi asanalowe, osati mwezi wamawa

Izi ndikunena ndi mtima wonse. Mwana amamira mwakachetechete, sakuwa, ndipo kwathu kuno ana a aneba amalowa pakhomo paliponse momasuka. Mpanda ukhale wozungulira pool yokha, wosachepera mita 1.2 kutalika, wopanda popondera, mipata yake yosapitirira masentimita 10, geti lodzitsekera lokha loko wake ali pamwamba. Mpanda wa pakhomo ponse sukwanira chifukwa mwana wanu ali kale m'kati mwake. Ngakhale nthawi yomanga, dzenje likalowa madzi amvula ndi chimodzimodzi. Ikani mpanda mu bajeti limodzi ndi simenti, ndipo aliyense wamkulu pakhomo, wantchito ndi mlonda yemwe, adziwe kuti ana akakhala m'madzi munthu mmodzi ntchito yake ndi kuyang'ana basi, foni pansi.

Zatsala ndi za tsiku ndi tsiku. Gulani kabokosi koyezera madzi, pH, muyezo wa asidi m'madzi, ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6, chlorine pakati pa 1 ndi 3 ppm, ndiye kuti mamiligalamu 1 mpaka 3 pa lita. Chlorine ngati HTH muzithira madzulo chifukwa dzuwa limaidya, musaisakanize ndi asidi wotsitsira pH ngakhale pang'ono, zisungidwe motalikirana, pouma, pokhoma, ndipo asidi ndi amene amathiridwa m'madzi osati madzi mu asidi. Mmisiri asanatsanzike aphunzitse munthu amene azisamalira pool, atembenuze valavu ya fyuluta ndi manja ake kangapo pampu itazima inu mukuona, ndipo mulembe ndondomekoyo papepala mumate pakhoma la kanyumba ka pampu. Mukachoka pakhomo milungu ingapo pampu isazime, pool yosiyidwa imasanduka moswera udzudzu ndipo malungo kuno sitifuna kuwawonjezera. Komanso musadzaikhuthule madzi onse nthawi ya dzinja kapena nyanja ikakwera, ngati pakufunika kukonza pansi dikirani Seputembala kapena Okutobala, musuzumire kaye m'kachitsime kapambali kaja, mukaona madzi mupope mpaka atsike ndiye muyambe.